Moni Si Bodza

Lolemba, 2 Juni

Andigoneka. Wodi ya amayi kuno ku Chintheche, bedi la pafupi ndi zenera losatsekeka bwino. Ndayamba kulemba chifukwa anamwino amafunsa zomwezomwezo ndipo mutu wanga sukusunga, komanso manja a telala sadziwa kukhala chabe. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Kusoka ndinadziphunzitsa ndekha pophwasula diresi la mayi anga, kulemba ndinakulimbitsa ndi Baibulo. Wopeza zilembo zokhota apirire.

Matenda ake: chilonda pachala chachikulu cha phazi lamanja. Ndinaponda chitsa cha chinangwa kumunda mwezi watha, ndinkangomangapo kansalu. Shuga apeza 22. Adokotala, mnyamata wofatsa wa ku Ntcheu, ati imeneyo ndi yoopsa. Jakisoni wa shuga m'mawa ndi madzulo, mankhwala a m'diripi katatu patsiku. Atatsuka chilondacho anatenga bolopeni n'kulemba mzere paphazi, pomwe kutupa kwalekezera. Ati, "A NyaManda, kukadutsa mzerewu tikambirana zina."

Ndawauza kuti phazi limenelo ndi lomwe limapalasa makina anga pa Kande. Lamanzere bondo lake linauma kalekale. Akachotsa lamanjali, ndidya chiyani?

Wandiperekeza ndi Flora, woyandikana naye nyumba. Wayala mphasa pansi pa bedi.

Lachiwiri, 3 Juni

Shuga 19. Kutupa kuli pamzere.

Flora walemba pagulu la banja la pa WhatsApp kuti ndagonekedwa ndi chilonda. Posakhalitsa foni inayamba kulira ngati anapiye. Nickson, mwana wanga woyamba amene ali ku Joni, watumiza chithunzi cha maluwa chokhala ndi vesi la Chingerezi. Azilamu anga, adzukulu, ngakhale ana a msuweni amene sandipatsa moni pamsika, onse atumiza timanja topemphera. Timanja tokhatokha, topanda eni ake. Palibe ndi kamodzi komwe kamene kanganditengere beseni.

Tawina, mwana wanga wamkazi, amagwira ntchito pa tilu m'sitolo ina ku Lilongwe. Iye wandilembera pandekha: "Ndibwere?" Mwana amafunsa zimenezo? Ndamuyankha monga amayankhira mayi aliyense: "Usavutike." Ndinadikira kuti akane. Wabweza chala chachikulu chotukula m'mwamba, chachikasu, chonenepa bwino.

Changa chikuwola kuno.

Lachitatu, 4 Juni

Shuga 17. Achekamo mnofu wakufa. Ndinatukwana. Ndapepesa kwa namwino Priscilla yekha, chifukwa iye ndinamugunda ndi bondo.

Bedi loyandikana nane pali Jessie, mkazi wa wapolisi, kwawo ku Dedza. Anagwa pa njinga yamoto, mwendo uli m'chikhakha. Pakamwa pake sipanathyoke. Lero wandiyamba.

"Amayi, mwana wanu wamkaziyo bwanji sayimba?"

"Tinayambana pa Khirisimasi."

"Chinatsitsa dzaye n'chiyani?"

Ndamufotokozera. Tawina anabwera kudzadya Khirisimasi. Ndinamuphikira batala, nsomba imene amaikonda. Tili pamphasa ndikumuuza mmene anamwalirira azakhali ake, iye maso pafoni, kumangoti "eee, eee," kenako n'kuseka china chake cha mmenemo. Ndinapirira. Mawa lake ali kuchipinda, ine ndili pakhonde, foni yanga inalira. Ndi meseji yake: "Sopo ali pati?" Khoma limodzi pakati pathu! Ndinalowa, ndinamulanda foni yake, n'kukaiponya m'diramu loviikamo chinangwa.

Jessie anaseka mpaka chikhakha chikugwedezeka. "Inatuluka yamoyo?"

"Inatuluka ikununkha kondowole."

Sindinapepese ndipo sindikuona chopepesera. Kuyambira pamenepo ndikayimba sayankha, amangolemba kuti ali pa ntchito, ndilembe. Koma m'mawa uliwonse meseji imabwera: "Mwayuka uli, ama?" Ine ndimayankha, "Ndayuka umampha."

"Chitonga chanucho sindimva," anatero Jessie. "Ndiye kuti chiyani?"

"Mwadzuka bwanji. Ndadzuka bwino."

"Leronso mwayankha choncho? Muli gone apa, phazi likununkha?"

"Moni si bodza, mwana iwe. Moni ndi moni."

Lachinayi, 5 Juni

Shuga 18. Kutupa kwadutsa mzere. Adokotala alemba mzere wachiwiri, m'mwamba mwa woyamba. Atenganso magazi, ati achepa, ali pa 7. Andiwonjezera mapiritsi ofiira.

Ndakhala ndikuganiza za funso la Jessie, chifukwa landikwiyitsa. Kwathu munthu sayika matenda pakhomo. Wina akakupatsa moni umati umampha, ngakhale m'nyumba muli wodwala wakayakaya. Amakhala pansi. Amamva mmene mawu ako atulukira, amakuyang'ana m'maso, ndiye amafunsa kachiwiri: "Nanga m'thupimu?" Pamenepo m'pomwe umamasula zonse. Woyankha moni ndi madandaulo timamuyesa wosaleredwa. Tawina ndinamulera ndekha, zimenezi amazidziwa.

Koma foni ilibe funso lachiwiri. Ndikalemba umampha, iye amatumiza chala chake chija, basi tatsanzikana.

Chakudya: nyemba ndi kabichi. Flora anabweretsa kondowole m'kakontena, Priscilla wamubweza naye. Ati shuga. Munthu wa kunyanja kumuletsa kondowole, ndiye atsale ndi chiyani?

Lachisanu, 6 Juni

Shuga 16. Chala chada.

Adokotala akhala pamphepete pa bedi, chizindikiro choipa. Ati chalacho chafa, chiyenera kuchoka kuti phazi lipulumuke, ndipo ntchito imeneyo ndi ya kuchipatala chachikulu kuboma. Ati ndipite ndi gadiyani, komanso ndi bwino pakhale wachibale wopereka magazi. Ambulansi ilipo ngakhale lero.

Ndakana. Sindipita kukadulidwa ngati nkhuku yopanda mwini. Ndinabereka.

"Ndiye aitaneni anawo, amayi."

"Akudziwa kuti ndili kuno."

Priscilla wati ndimupatse nambala ayimbe yekha. Ndakananso. Mwana wanga amve za phazi la mayi ake kuchokera kwa Priscilla, mlendo wa ku Mulanje? Priscilla wangoti, "Chabwino, phazi ndi lanu," n'kupita ndi thileyi yake. Sindinamukwiyire. Ndimakonda munthu woyankhula motero.

Masana ndamuyimbira Tawina. Inalira kawiri n'kudulidwa. Kenako meseji: "Ndili pa tilu ama, lembani." Ndilembe? Ndimuuze ndi chala chakumanja kuti akudula cha kuphazi, pakati pa makasitomala ake ogula shuga ndi sopo? Nkhani yotere imafuna mawu. Ndaika foni pansi pa pilo.

Flora wapita. Mpunga wake ku Limphasa wacha, mbalame zikumuthera. Analira potsanzika. Ndamuuza kuti asiye zopusa, mpunga sudikira. Wachita kale zoposa za achibale.

Loweruka, 7 Juni

Shuga 17. Kutupa kwafika pamzere wachiwiri. Kuzizira, mwera ukulowera pazenera.

Mbale yanga wanditsukira mlamu wake wa Jessie. Kubafa ndapita chotsamira khoma.

Pagulu asiya za ine. Akukangana za mtundu wa chitenje cha ukwati wa mu Ogasiti. Wina walemba, "A NyaManda muchire msanga mutisokere," n'kuikapo kankhope koseka.

"Mwayuka uli, ama?"

"Ndayuka umampha."

Chala.

Lamulungu, 8 Juni

Shuga 15. Andisinthira mankhwala a m'diripi, ati awa ndi amphamvu. Dzanja latupa, asamutsira singano kumanzere.

Kunabwera amayi a mvano kudzayimba. Anayimba bwino, koma mutu unkandiwawa.

Mwamuna wa Jessie anabwera masana, munthu wamtali wa yunifomu yosita bwino. Kolala yake anaisoka mokhota, koma si nkhani yanga. Anakhala pabedi pa mkazi wake nthawi yonse yoonera odwala, aliyense ndi foni yake. Mawu amene ndinamva ndi akuti, "Wadya?" ndi "Ndapita." Atachoka ndinalephera kudzigwira.

"Ameneyu anabwera kudzaona iwe kapena kudzatchaja foni?"

"Amayi, musawaone choncho. Abambo awa pakamwa pamawalemera." Anandionetsa meseji imene mwamunayo anamulembera ali pabedi pomwepo. Akuti kunyumba kukuwaopsa popanda iye, ana sakudya, ndipo iwo akulephera kugona. "Zimenezi pamaso sanganene. Atamwalira bambo awo anandiuza pa meseji, tili m'nyumba imodzi. Ndinakwiya. Kenako ndinaona kuti pakamwa sakanatha."

"Mwamuna wamkulu, wonyamula mfuti."

"Mfuti sithandiza pamenepo."

Ndatopa. Phazi likugunda ngati lili ndi mtima wakewake.

Lolemba, 9 Juni

Thupi latentha, 39. Shuga 20. Mzere wachiwiri wadutsidwa. Chala chotsatira chayamba kuda.

Adokotala lero sanafatse. Sanalembenso mzere paphazi. Anagwira pansi pa bondo langa n'kunena kuti, "Mukapita sabata ino, akachotsa zala. Mukadikira sabata yamawa, akadula apa. Munandiuza tsiku loyamba kuti mumakonda mawu osabisa. Ndi amenewo."

Ndinafuna kuwakalipira. Mphamvu panalibe.

Ndamuyimbira Tawina madzulo, nthawi imene ndikudziwa kuti waweruka. Sanayankhe. "Ndili m'minibasi ama, phokoso. Zili bwino?"

Ndabweza foni pansi pa pilo.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndilemba pang'onopang'ono.

M'mawa, asanabwere a jakisoni, meseji inafika monga mwa masiku onse. "Mwayuka uli, ama?" Chala changa chinayenda chokha: Ndayuka umampha. Ndinatsala pang'ono kutumiza. Ndinayang'ana kumapazi, pomwe bulangete latukuka chifukwa cha mabandeji. Ndinaganiza za makina anga atafundidwa chitenje pakhonde.

Ndinawonjezera kamawu kamodzi kumapeto: cha.

Jessie anali akusuzumira, sabisa n'komwe. "Cha n'chiyani?"

"Ndi ayi wa kwathu. Sindinadzuke bwino."

"Tumizani."

"Chibadwire sindinayankhepo moni motere. Zili ngati kulavula pakhomo pa munthu."

"Amayi, tumizani, kapena nditumize ndine."

Ndinatumiza. Ndisanaibweze pansi pa pilo, foni inalira. Osati kulira kwa anapiye kuja, kulira kwenikweni. Dzina la Tawina.

"Ama? Ama, n'chiyani? Chachitika n'chiyani?"

Mawu ake ndinawamva komaliza pa Khirisimasi. Miyezi yonseyi ndinkakonza zoti ndidzamuuze akadzangoyankha, mndandanda wautali, woyambira pa sopo uja. Zonse zinathawa.

"Ama, yankhulani, mukundiopsa."

"Akufuna kudula."

Ndinkamva mpopi ukuthira madzi m'ndowa kumene aliko.

"Kudula chiyani?"

"Zala. Ndikachedwa, mwendo."

"Ndikubwera."

Sanafunse kuti ndibwere. Anadula foni osatsanzika, mwano umene tsiku lina ndikanaukalipira.

Thupi 38 ndi theka. Shuga 19. Ndauza Priscilla kuti auze adokotala akonze ambulansi ya mawa.

Lachitatu, 11 Juni

Tawina wafika dzuwa litangotuluka, ndi basi yodzera ku Salima ndi ku Dwangwa, maso ali psuu. Waonda. Moni sanapereke. Anafika n'kuvundukula bulangete, fungo linamubweza m'mbuyo, koma anayang'anabe.

"Ama! Tsiku lililonse mumati umampha!"

"Unafunsa kachiwiri?"

"Ndinafunsa kuti ndibwere. Munati usavutike."

"Ndiye unamvera? Uli mwana ndinkati usapite kunyanja, unkapita. Kumvera wayamba liti?"

"Inu si uja mumadzitama pa Kande ponse kuti NyaManda sabisa mawu? Sabata yathunthu mukundinamiza."

"Moni si bodza."

"Pakamwa si bodza, chifukwa ndikanamva mmene mukupumira. Pafoni ndi bodza, ama. Foni imanyamula chimene mwaikamo, basi."

Ndinafunsa chimene chakhala chikundidya.

"Nanga ndikayimba bwanji suyankha?"

Anakhala pabedi. Anayamba kukonza bulangete limene linali lokonzeka kale.

"Mukayimba mumayamba ndi kukalipa. Ndikaona dzina lanu mtima umathamanga, ndimati ndalakwanso chiyani. Meseji sikalipa." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Mukuganiza kuti moni uja ndimatumiza mwamwambo chabe? Ndimalemba ndisanasambe n'komwe. Mukachedwa kuyankha ndimalakwitsa chenji pa tilu. Ndikaona umampha ndiye ndimati mayi anga alipo, tsiku liyambe."

Ndinafuna kunena kuti ukanangoyimba ukanamva wekha. Ndinaona kuti tizungulira pomwepomwepo mpaka mwendo udulidwe. Ndinangoti, "Tsitsi limenelo ndani anakuluka? Wakubera."

Anaseka akulira.

Ambulansi inyamuka masana. Jessie wandipatsa nambala yake, ati ndizimulembera. Ndamuuza kuti ndiziyimba. Wati ayankha, iye saopa kukalipiridwa, anakwatiwa ndi wapolisi.

Lachisanu, 13 Juni

Kuboma. Anachita dzulo. Zala ziwiri, chachikulu ndi chotsatira.

Tawina anapereka magazi. Akuti atadzuka pampando anaona mdima, anamukhazika pansi n'kumupatsa chakumwa chotsekemera. Ine andiika botolo limodzi.

Shuga 12. Thupi 37 ndi theka. Ululu. Kusanza.

Sinditha kulemba zambiri.

Lamulungu, 15 Juni

Shuga 10. Thupi lazizira. Atsegula bandeji, ati chilonda n'choyera, chikufiira bwino. Sindinayang'ane. Tawina anayang'ana m'malo mwanga.

Adokotala a kuno ndi mayi wachikulire wosataya mawu. Ndawafunsa za makina. Ati phazi latsala, chidendene chilipo, pakapita miyezi ndidzapalasa, koma ndidzayambe pang'onopang'ono ndipo ndisadzayendenso wopanda nsapato. Ndinafunsanso kuti ndikanabwera tsiku lomwe adokotala a ku Chintheche anandiuza koyamba, zikanatha bwanji. Ati, "Chimodzi chokha, mwina."

Ndiye chachiwiricho chapita ndi ulemu wa moni. Ndachiwerengera pamenepo.

Tawina walemba pagulu: "Ama awadula zala ziwiri. Ali kuboma, wodi ya amayi." Zachitenje zinaima. Palibe amene anatumiza chala chotukula, mwina anachita manyazi. Nickson anayimba. Mwana wamwamuna wa ndevu zake, analira mpaka mayunitsi kutha, osanena chilichonse chomveka. Ndinamukalipira kuti akuwononga mayunitsi. Tawina anandiyang'ana. Ndinasiya.

Flora wabwera ndi mpunga watsopano. Andiloleza supuni zochepa. Kununkhira kwake kokha kunandikwanira.

Lolemba, 16 Juni

Shuga 9. Ndayenda mpaka pakhomo la wodi ndi ndodo, Tawina atandigwira m'khwapa. Ati mwina anditulutsa kumapeto kwa sabata. Tawina kuntchito amupatsa mpaka Lachinayi, akuti apempha awonjezere.

M'mawa ndinadzuka iye ali pamphasa pansi pa bedi, atafunda chitenje mpaka kumutu, kuwala kwa foni kukuonekera mkati. Foni yanga inanjenjemera pansi pa pilo. Ndinaitulutsa.

"Mwayuka uli, ama?"

Munthu ali pompano, ndikanatha kumuponda ndi phazi lotsalali. Magazi anandikwera kumutu. Ndinayang'ana uku ndi uku, m'wodi muno mulibe diramu la chinangwa.

"Tawina!"

Anavundukula chitenje, anaona foni m'manja mwanga, anagwira pakamwa. "Pepani ama, chala chazolowera. Ndinali ndisanadzuke bwinobwino."

Anaika foni yake chafufumimba pa loka, kakabati ka pambali pa bedi. Anadzuka, anamanga chitenje, anakhala pamphepete pa bedi, mbali yopanda bandeji. Anandiyang'ana.

"Mwayuka uli, ama?"

"Ndayuka umampha."

Sanasunthe. Kunja mayi wa phala anali akugogoda chidebe, magadiyani akuthamangira ndi makapu. Iye sanapite. Anandigwira pamphumi ndi kuseri kwa dzanja, monga ndinkamuchitira ali wamng'ono.

"Nanga m'thupimu?"

Phala linatipita. Ndinayambira pa zala zimene kulibe, chifukwa ndi zomwe zikuyabwa.